Mmero wa Mkamwini

Ku koleji ku Blantyre ndinakhalako zaka ziwiri asanandiwide, ndiye kuti asanandiuze mwaulemu kuti nzeru zanga zikufunika kwina. Ankatiphunzitsa za mapaipi, mavavu ndi kayendedwe ka madzi, ine nditakhala kumbuyo pafupi ndi zenera, pamene ankaonekera bwino amayi ogulitsa mandasi. Palibe mphunzitsi anandichenjeza kuti paipi yoyamba kundizunza pa moyo wanga idzakhala ya m'khosi mwanga momwe. Akanatero mwina ndikanamvetsera.

Nditabwerera ku Mulanje chimanjamanja, ndinaika benchi pa Chonde n'kuyamba kukonza mafoni ndi mawailesi. Anthu ankanditchula injiniya. Sindinkawatsutsa, poti kutsutsa kasitomala ndi mwano. Ndinakwatira kumudzi wina kuseri kwa Chitakale, ndipo monga timachitira kwathu kuno, ndine amene ndinanyamula chikwama kupita kwa mkazi. Ndinamanga kanyumba pamalo a apongozi, pafupi ndi nthochi zawo, n'kukhala mkamwini wodziwa malire ake.

Apongozi anga aakazi ndi akalekale. Anawoloka kuchokera ku Mozambiki nthawi ya nkhondo, mwana kumsana, ndipo ulemu wa pakati pa mpongozi ndi mkamwini anawoloka nawo wathunthu, osagwetsako ngakhale kachidutswa m'njira. Sitinkayang'anana m'maso. Tikakumana pakanjira, mmodzi ankapatukira m'chinangwa. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ndipo mwana wawo akachokapo ankauza khoma.

Matenda anga anayambira ku zala. Chiperoni chikatsika m'phiri, zala zinkayera ngati chinangwa chosenda, kenako n'kuda, n'kuyamba kuwawa magazi akamabwerera. Khungu linayamba kulimba ndi kunyezimira. Tizitsulo ta m'foni tinayamba kundipulumuka, mpaka ndinatseka benchi. Pakamwa napo panachepa. Akazi anga anati pa zonsezo ichi chokha ndiye chinali mdalitso.

Kenako chakudya chinayamba kuima. Osati pakhosi penipeni ayi, koma m'munsi, kuseri kwa fupa la pachifuwa. Mbamu inkatsika bwinobwino, n'kufika pamenepo, n'kuima ngati minibasi ya pa siteji yodikira kudzaza. Ndikagona, madzi otentha owawasa ankakwera mpaka m'kamwa. Chilungulira. Ine ndinkadziwa kuti chilungulira n'cha amayi oyembekezera, ndipo anzanga a pa bawo sanachedwe kundifunsa kuti ndi ya miyezi ingati.

Kuchipatala cha mishoni anandiyeza matenda onse amene anthu a m'mudzi anali atandiyeza kale ndi maso, n'kupeza kuti mulibe. Ananditumiza ku Blantyre, kumene dokotala wina wamkazi anagwira zala zanga nthawi yaitali, n'kutchula dzina lalitali lachizungu limene mpaka lero ndimalitchula mosiyanasiyana malinga ndi nyengo.

"Asilikali a m'thupi mwanu asokonezeka," anatero. "M'malo molimbana ndi matenda, akulimbana ndi inuyo."

Anati mmene khungu likulimbiramu, njira ya chakudya nayo ikulimba chimodzimodzi, moti siikukankhanso chakudya monga kale. Kachitseko ka pakhomo la chifu nako sikakutsekeka, n'chifukwa chake asidi amakwera.

"Ndiye kuti vavu yatha," ndinatero.

"Mukhoza kutero."

Aka kanali koyamba munthu wophunzira kuvomereza yankho langa pa nkhani ya mavavu.

Sanandibisire kuti matendawa sachizika, koma munthu amakhala nawo. Anandipatsa kapisozi womwa m'mawa ndisanadye kanthu, pamodzi ndi malamulo. Kudya pang'ono koma kawirikawiri. Zofewa, zonyowa. Kutafuna mpaka nsagwada zitadandaula. Kudya nditakhala tsonga, osagona ndikangodya, chakudya chamadzulo kuchidya kusanade. Bedi kulikweza kumutu ndi njerwa. Tsabola ayi, zokazinga ayi, nanazi ayi, tiyi achepe.

"Adokotala, ine ndimachokera ku Mulanje. Mukachotsa tiyi ndi nanazi patsala phiri lokha."

"Phirilo liyang'aneni mmene mungafunire."

Bedi ndinalikweza. Mpaka lero ine ndi akazi anga timagona pamtunda n'kudzukira kudambo.

Akazi anga amagulitsa mapeyala ndi nanazi pa Chitakale. Amachoka m'mamawa, kubwera madzulo. Masana ndinkatsala ndekha ndi phala limene ankandisiyira. Apongozi, poona kuti mkamwini wawo akutha thupi ndipo wangotsala makutu, anaganiza zochitapo kanthu. Dzuwa likafika paliwombo ndinkamva mapazi pakhonde.

"Odi kuno. Eni nyumba auzidwe kuti pakhonde pali kambale."

Auzidwe ndi yani sindinkadziwa, poti m'nyumbamo ndinali ndekha, nditaima kuseri kwa chitseko ngati wakuba.

"Zikomo, amva," ndinkayankha, kulankhulira mnzanga wosaonekayo.

Akachoka ndinkavundukula mbale. Nkhuku yachikuda yokazinga mpaka kuuma. Tsiku lina makaka, chinangwa chouma chija, ophikira limodzi ndi nyemba zolimba za kalongonda. Tsiku lina usipa wootcha wa tsabola, ndi nsima yolimba yoti mwamuna adye akalime. Chinali chakudya cha ulemu, chopatsa munthu amene umamuwerengera. Mayi wokalamba amene nkhuku zake ankaziwerenga madzulo alionse ngati ana, anayamba kuzipha chifukwa cha ine.

Ndinayesa. Tsiku loyamba kachidutswa ka chiganga kanaima pachifuwa masana onse, ine ndikuzungulira nyumba manja ali m'mwamba ngati ndili pa chitsitsimutso. Madzulo ndinauza akazi anga kuti akawafotokozere amayi awo. Anapita, n'kuyamba ndi nkhani ya asilikali a m'thupi ija.

"Asilikali ndinawaona ine ndi maso angawa," anayankha apongozi. "Salowa m'mimba mwa munthu. Bambowo akufunika nyama."

"Amayi, chakudya chikumawaima pachifuwa."

"Changa chokha?"

Pamenepo akazi anga anabwerera. Anati, "Bambo, muzingonyemako pang'ono, musawakhumudwitse. Atopa okha."

Sanatope. Ndipo kubweza mbale yodzaza kwa apongozi n'kutukwana kumene sikufuna mawu. Choncho ndinakhala pansi n'kuganiza monga munthu woti anapondako ku koleji. Pakhomopo panali galu wofiira, wa nthiti zowerengeka, amene moyo wake wonse ankadya mikute ndi malonjezo. Ndinkamwa msuzi, n'kutengera zotsalazo kuseri kwa nyumba. Mbale inkabwerera yoyera. Apongozi ankasangalala, ine ndinkapuma bwino, galu ananenepa mpaka ubweya kuwala. Mwa owonda awiri a pakhomopo, mmodzi anachira ndithu.

Tsiku lina apongozi atasiya mbale anakumbukira kuti sanathire mchere. Anabwerera nawo m'dzanja, n'kudzera kuseri kuti asakumane nane pakhonde. Anandipeza nditanjuta, ndikupatsa galu ntchafu ya nkhuku yawo, maso anga ali pakhosi pa galuyo.

Ndikufuna ichi chimveke bwino. Galuyo ndinkamuyang'anitsitsa chifukwa cha nsanje basi. Ankameza nyama yosatafuna, kamodzi n'kamodzi, popanda madzi, popanda pemphero, ndipo ine ndinkasirira ngati mmene munthu amasiririra galimoto ya mnzake. Koma kwathu kuno munthu akayamba wapatsa galu chakudya chimene wapatsidwa, n'kumamuyang'anitsitsa pomeza, aliyense amadziwa chimene akufufuza. Akufuna kuona ngati galuyo afe.

Mchere unagwa pansi. Apongozi anatembenuka osanena kanthu, ngakhale kwa khoma.

Mawa lake mbale siinabwere. Sabata isanathe nkhani inali itafika pa mjigo, ndipo kumeneko anailumikiza bwino kuposa mmene ine ndinkalumikizira mawaya. Mkamwini akuuma. Zala zalimba ngati nkhuni. Pachifuwa pali chinthu chimene sichitsika. Kuchipatala cha mishoni sanapeze kanthu. Ndipo mwini wake wayamba kuyesera pa galu chakudya cha apongozi ake, mayi wokalamba wochokera kutsidya. Anamudyetsa.

Apa nthabwala zimandithera. Mawu amenewo akamatirira pa mayi wokalamba sachedwa kusanduka miyala. Ana anayamba kuthawa akawaona. Amayi amene ankagawana nawo moto anayamba kukapala kwina. Iwo anasiya kupita kumapemphero a amayi, n'kumatunga madzi masana dzuwa lili phwee, pa mjigo popanda munthu. Kenako anatumiza mawu kwa ankhoswe a mbali zonse: mkamwini ayeretse dzina lawo pamaso pa anthu, apo ayi atenge chikwama chimene anabwera nacho.

Akazi anga anamva za galu kumsika, kwa kasitomala.

"Galu, bambo? Nzeru zonse za ku koleji zija, galu?"

"Ndimateteza ulemu."

"Wa galuyo?"

Anakhala pa bedi lathu lotsetsereka n'kulira, ndipo ndinadziwa kuti akulirira anthu awiri, osadziwa kuti asiye uti.

Tinakumana Loweruka masana pansi pa mtengo wa mapeyala. Amalume anga, amene ndi nkhoswe yanga, anabwera pa kabaza kuchokera ku Chonde atavala jekete. Mbali ya akazi anga kunali achimwene awo a apongozi, bambo wopuma ntchito ku esiteti ya tiyi, woseka mosavuta. Apongozi anakhala pa mphasa chammbali, nkhope atalozetsa ku nthochi. Kuseri kwa mpanda kunali amayi angapo amene mwadzidzidzi anali ndi ntchito yothyola ndiwo pamenepo.

Amalume anayamba kufotokoza matenda anga. Anawafotokoza nthawi yaitali, ndipo pomaliza ngakhale ine sindinkadziwanso chimene ndikudwala. Ine ndinapepesa kudzera mwa iwo, n'kunena za nsanje yanga pa galu. Achimwene a apongozi anayesa kubisa kuseka ndi chipewa. Apongozi sanaseke. Anadzuka, n'kulowa m'khitchini, n'kutuluka ndi mbale ya makaka ndi kalongonda. Anaiika pakati pathu. Anatapa kudya iwo choyamba, pang'onopang'ono, aliyense akuona, monga amachitira mwini thobwa pochotsa ufiti. Atameza anakankhira mbaleyo kumene ndinali.

"Ndadya ine. Ndikafa mundiike. Tsopano adye eni ake."

"Amayi, sizidutsa zimenezo," anatero akazi anga.

"Za ine zokha ndiye sizidutsa?"

Ndinadziwa kuti ndikakana ndiye kuti nkhani ya pa mjigo ndaisainira. Ndinasamba m'manja, n'kunyema kachidutswa kakang'ono ka makaka. Ndinatafuna monga anandilangizira adokotala, mpaka amalume anayang'ana wotchi. Ndinameza. Kanatsika bwino, ndipo mtima unandinamiza kuti lero zatheka. Ndinanyema kachiwiri, kokulirapo, kuti aone kuti sindikuopa.

Kameneko kanaima.

Amene sanaimidwepo ndi chakudya pachifuwa amaganiza kuti n'kutsamwa wamba. Mpweya umalowa ndithu, koma mkati mumakhala ngati wina wakupondetsa chidendene pa fupa la pachifuwa. Malovu amadzaza m'kamwa poti alibe kopita. Ndinamwa madzi, madziwo anabwerera, ena m'mphuno. Ndinaimirira, misozi ili mbwembwembwe, thukuta lili kamukamu. Amalume anayamba kundimenya pamsana ndi mphamvu imene ndikukhulupirira anaisunga kuyambira tsiku limene ndinachotsedwa ku koleji.

"Musiyeni, mumupha!" Anali mawu a apongozi.

Ndinangomva dzanja lagwira langa. Anandikokera kuseri kwa nthochi, n'kundigwira pachipumi monga amagwirira mwana wosanza, mpaka kachidutswa kaja kanabwerera kunja, kathunthu, kosasintha ngakhale maonekedwe. Titabwerera pansi pa mtengo sanandisiye dzanja. Analitembenuza, n'kuyesa kutsina khungu la pa chala. Silinatsinike. Anagwira zala zozizirazo m'manja mwawo muwiri nthawi yaitali, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatirireni mwana wawo anandiyang'ana m'maso.

"Bambo, chimadutsa n'chiyani?"

Miyezi yonseyo anthu ankandifunsa chimene chikundiima. Chimene chimadutsa anali asanandifunsepo munthu pakhomopo.

"Phala, amayi. Peyala lakupsa. Nthochi yofewa. Chipere cha nandolo, akachotsa makoko." Ndinaima kaye, poti chotsalacho chinali chochititsa manyazi. "Koma chimene chimatsetsereka bwino kuposa zonse ndi therere."



"Therere?" anatero achimwene awo. "Mkamwini?"

Therere sapatsa mlendo. Ndi ndiwo ya tsiku limene pakhomo palibe kanthu, imene amayi amadyera kukhitchini chitseko chitatsekedwa, ndipo amuna ambiri kuno amalumbira kuti imafooketsa mawondo ndi zina zimene sindingalembe. Mpongozi wotumizira mkamwini therere ndiye kuti akumuuza kuti msewu wa kwawo udakali wotsegula.

Apongozi anandisiya dzanja n'kugwira m'chiuno.

"Ine nkhuku zanga ndamaliza chifukwa cha munthu wa therere?"

Achimwene awo anaseka mpaka kutsokomola. Kuseri kwa mpanda nako kunamveka kuseka, kwa anthu amene sankamvetsera aja. Amalume anaona kuti mpata ndi womwewu, n'kukweza mawu kuti afike kumpandako.

"Mwanayu pa Khirisimasi anatsamwa ndi mpunga wa nkhuku kunyumba kwanga ku Chonde, wophika akazi anga. Ndiye akazi anganso ndi mfiti?" Anaganiza pang'ono. "Chabwino, za amenewo sindingalumbire. Koma amayi awa ayi."

Nkhani ya chikwama inathera pomwepo, koma apongozi sanakhutire ndi kuseka kwa anthu. Tsiku langa lokaonana ndi dokotala litafika, ndinawapeza pa siteji atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. M'minibasi anakhala kutsogolo, ine kumbuyo. Kuchipatala analowa nane, n'kufunsa mafunso ambiri kuposa amene ine ndinafunsa chiyambireni kudwala. Dokotala atabwereza za asilikali osokonezeka, olimbana ndi thupi limene akuyenera kuliteteza, apongozi anagwedeza mutu.

"Owotcha mudzi wa kwawo komwe," anatero motsitsa mawu. "Amenewo ndiye ndikuwadziwa."

Atabwerako anapita okha pa mjigo m'mawa, nthawi imene pamakhala mzere wa ndowa, n'kufotokoza zonse. Akazi anga amene analipo akuti anafotokoza bwino kuposa amalume, ndipo dzina lalitali lija analitchula molimba mtima, molakwika, popanda wowatsutsa. Lamulungu lotsatira apongozi anakhala pamalo awo akale m'tchalitchi.

Sindinachire. Zala zikupitirira kupindika, ndipo m'nyengo yozizira ndimavala magolovesi ngati goloboyi wopanda timu. Kapisozi ndimamwabe m'mawa uliwonse. Alipo masiku amene ngakhale phala limakambirana kaye ndi mmero lisanatsike, ndipo chilungulira chikakwiya sichiona kuti bedi lili pa njerwa. Pamaliro ndi paukwati ndimadya ndisanapite, kuti ndisaikenso mayi wina aliyense pa mlandu. Koma thupi linabwererako pang'ono. Makutu anasiya kukhala chiwalo changa chachikulu.

Ndimayamika dokotala uja, amene sanandinamize. Ndimayamika akazi anga, amene amasefa chipere madzulo atatopa ndi msika, n'kumadya nane kusanade ngati nkhuku. Koma kuyamika kwanga kwakukulu kuli pa mayi amene ndinamuika pa ngozi, iye n'kundibwezera ndi mtondo ndi munsi. Masiku ano amasinja chilichonse. Futali wa mbatata amamuphwanya mpaka kusalala. Kalongonda yemwe uja amamuphika, kumuchotsa makoko, kumusinja, n'kumuthira msuzi mpaka atagonja. Anadzala therere mizere itatu kuseri kwa khitchini, pamalo posaonekera kumsewu.

Mbale amabwera nayo okha, n'kukhala pamphepete pa khonde mpaka nditamaliza. Amayang'anabe kumbali, poti ulemu suthera tsiku limodzi, koma amaona zonse.

"Tafunani, bambo, simukuthamangira minibasi."

Ndikamaliza n'kuyamba kupendekeka pampando, amagogoda pansi ndi ndodo.

"Tsonga. Adokotala anati chiyani?"

Choncho timakhala, iwo kuyang'ana kuphiri, ine kuyang'ana kumsewu, kudikira kuti chakudya chifike kumene chikupita. Amandisimbira za mitengo ya feteleza ndi za anthu amene sakuwafuna ku kwaya. Ine ndimavomera zonse.

Chimene sanagonje nacho ndi chimodzi. Mbale ya therere amaiphimba ndi mbale inzake, n'kuikulunga m'nsalu, n'kumanga mfundo pamwamba, ngakhale kuchokera kukhitchini kwawo kufika pakhonde panga n'pafupi poti nkhuku siitopa. Tsiku lina mayi wina woyandikana nafe, mmodzi mwa othyola ndiwo kumpanda aja, anakumana nawo pakati pa bwalo.

"Mwawaphikira chiyani lero akamwini, anganga?"

Apongozi anaikumbatira mbaleyo pachifuwa, osaima.

"Zolembedwa ndi adokotala," anatero.